Galu wa alamu waluma Batani

Gulu: Zapakhomo
Ine, Sisi, Alamu

LOLEMBA

10:52 Ine: Batani watuluka sisi. ali moyo 🙏

10:52 Ine: amusoka pamimba ndi pantchafu. a vet akuti mano anangotsala pang'ono kufika m'matumbo

10:53 Sisi: zikomo ambuye. ine ndinathawira ku toilet kukalira, anzanga akuchonga mayeso ine mapepala sindikuwaona nkomwe

10:54 Sisi: tandiuza bwinobwino mng'ono wanga, pa foni paja umangolira. galu walowa bwnj kwa adadi?

10:57 Ine: 🎤 0:51
Ndinali pakhonde ndikusoka mayunifomu aja, Batani ali gone pa zigamba zanga monga amachitira mphaka ameneyu. Ndangomva khwaa, lata lija la pampanda wa pakati pa kwanu ndi kwathu lagwa, galu wanu Sajeni uyo walowa. Sanauwe n'komwe sisi. Anangomuwakha n'kuyamba kumupukusa ngati chikolopa. Adadi ndi amene anathamanga, munthu wamkulu uja, n'kukamukanula galu kukamwa ndi manja.

10:58 Sisi: ndi manja??? sanavulale?

10:58 Ine: akuti ayi. angokhala pa benchi apa, agwira kabulangete ka Batani.

10:59 Sisi: mphaka wa malemu amayi uja. atafa ameneyu adadi tiwanyamula

11:00 Ine: a vet akufunsa ngati Sajeni anabayidwa katemera wa chiwewe. Batani wake ali naye, angomuwonjezera wina. alamu tiyankheni pls

11:26 Ine: alamu

11:41 Ine: ma tick asanduka blue, tikukuonani

12:15 Alamu: kkkk pepani mkazi wanga wamng'ono, ndinali pansi pa lole manja ali oilo yekhayekha

12:16 Alamu: mphaka safa wamba alamu. ngakhale mumuponye padenga amatera ndi miyendo. mawa lomweli akhala akuba nyama m'poto

12:16 Ine: lero za chilamu ayi. katemera anabayidwa?

12:18 Alamu: Sajeni ndi mwana, amangosewera. galu ndi mphaka anadana kalekale ife tisanabadwe, mlandu umenewo ndiuweruze ine makaniko?

12:19 Sisi: bambo a kunyumba, mwafunsidwa funso

12:25 Alamu: zonse zili bho dear. anabayidwa

12:25 Ine: liti? kuti? a vet akufuna adziwe

12:26 Ine: komanso lata lija ndinakuuzani mvula isanayambe. munati weekend

12:40 Alamu: customer wabwera, tiyankhulana

16:05 Ine: tafika kunyumba. Batani amuveka chinthu changati ndowa m'khosi kuti asamanyambite bala. akuyenda chobwerera m'mbuyo ngati galimoto ya alamu 😂

16:06 Sisi: ha! ndapuma tsopano. wamwa madzi?

16:06 Ine: pang'ono. pampanda ndatsekapo ndi chitseko chakale chija ndi njerwa. Sajeni akungozungulira kuseri, tcheni chilibe ntchito chili pa mtengo

LACHIWIRI

07:31 Ine: sisi muli pa foni?

07:31 Ine: 📷 chithunzi

07:32 Ine: dzanja la adadi ilo

07:32 Sisi: mayo ine

07:34 Ine: 🎤 0:44
Ndinadabwa kuti kutentha konseku avala jekete, tiyi akumwera kumanzere. Ndati adadi tavulani ndichape, akukana. Ndakoka mkono, ndapeza amanga ndi mpango wa amayi, mano awiri alowa apa pachikhatho, kwina kwang'ambika. Ndati bwanji simunanene? Akuti, ndimaopa kuyambanitsa mwana wanga ndi mwamuna wake, banja ndi lovuta kumanga. Sisi ine ndalira.

07:35 Sisi: tsuka ndi sopo pa mpopi, madzi azingoyenda, usafulumire. ukatero kuchipatala. osadikira kuti amalize tiyi

07:35 Ine: ndayamba kale. akuti ndikuwononga sopo

07:36 Sisi: 📞 kuyimbira Alamu, sanayankhe

07:37 Sisi: 📞 kuyimbira Alamu, sanayankhe

07:39 Sisi: bambo a kunyumba onani chithunzicho. amenewo ndi bambo anga ondibereka. ndikufunsani kamodzi kokha, ndipo musandiseketse. galu uja anabayidwa?

07:58 Sisi: chabwino. ndikamaliza kuchonga lachisanu ndikatsikira kwa adadi. zovala zanga mupatsire pampanda, pobooka palipo kale

08:03 Alamu: sanabayidwe

08:03 Alamu: amene anandigulitsa anati anabaya ali kamwana. pepala sanandipatse. ndimati ndipita naye ndikapeza mpata

08:04 Ine: dzulo munati zonse zili bho

08:04 Alamu: ndinaopa alamu

08:05 Sisi: inu mumamva nkhwangwa ili m'mutu. tsono nkhwangwayo yagwera adadi

08:06 Alamu: ndikubwera ndi galimoto ndiwatenge apongozi

08:06 Ine: takwera kale taxi

10:48 Ine: abayidwa woyamba. bala alitsukanso, sanasoke, akuti la galu salitseka msanga. awapatsa masiku obwereranso

10:49 Ine: adokotala akuti tachita bwino kubwera lero. akuti oopsa ndi amene amakhala nazo kunyumba mpaka zizindikiro

10:49 Sisi: adadi ali bwnj?

10:50 Ine: akukangana ndi nurse kuti jakisoni wa masiku ano ndi wamadzi, wakale umamveka mpaka kuphazi kkk

10:51 Sisi: akayamba makani ndiye kuti ali bwino

10:53 Ine: chinanso. ndaimbira a vet. akuti galu atsekeredwe masiku khumi, azimuona ngati akudya, ngati sakuchita dovu kapena kusintha khalidwe. akadutsa ali bwinobwino ndiye kuti analibe chiwewe pomwe amaluma. asaphedwe, asapite kwina

10:53 Ine: alamu mwamva?

11:20 Ine: tafika. kuseri kuli zii. Sajeni sakuuwa

11:22 Ine: ndasuzumira. kulibe galu. mbale yake kulibenso

11:22 Sisi: bambo a kunyumba galu ali kuti

11:37 Alamu: 🎤 0:36
Dear, mundimvetse. Ine nditaona dzanja lija mutu unazungulira. Ndinati galu ameneyu apongozi asamuonenso m'maso mwawo. Ndiye ndamupereka kwa mnzanga uja wogula zitsulo zakale, amafuna wolondera pamalo pake. Ndimayesa ndakonza. Uthenga wa a vet ndauona ndikubwerera kale.

11:38 Ine: mwakonza?? mwachotsa galu woluma pakhomo panu mwakamusiya pomwe anthu amalowa ndi kutuluka tsiku lonse

11:38 Sisi: ndipo akathawa mawa ife tidziwa bwnj ngati anali ndi chiwewe

11:39 Sisi: tembenukani pomwe mulipo

11:39 Alamu: ndatembenuka kale

13:10 Alamu: pavuta pang'ono

13:10 Ine: chiyaninso

13:11 Alamu: anamumanga ndi chingwe cha nayiloni. wadula

13:11 Sisi: ambuye

13:12 Alamu: sanatuluke, mpanda wa kuno ndi wa njerwa. wabisala penapake m'magalimoto akufawa. anthu onse ndawatulutsa, gate tatseka

13:14 Ine: a vet akuti musamugwire ndi manja. mumukope ndi chakudya, alowe yekha m'galimoto

13:50 Sisi: mwamupeza?

14:32 Sisi: bambo a kunyumba

14:33 Ine: adadi akufunsa kuti foni ikulira chiyani kawirikawiri. ndawanamiza kuti ndi ma customer a mayunifomu

15:07 Alamu: 📷 chithunzi

15:07 Alamu: uyu ali pa mpando wakutsogolo ngati bwana

15:09 Alamu: anali pansi pa minibus yopanda matayala, akunjenjemera. ndinagona chafufumimba m'matope ndikumuitana ngati ndikufunsira mbeta. lunch yanga yonse yathera iye

15:09 Sisi: waluma munthu kumeneko?

15:10 Alamu: ayi. ndafunsa aliyense mmodzimmodzi

15:10 Sisi: ok

15:11 Ine: eee zikomo. ndakhala pansi tsopano

15:12 Ine: mubwere naye straight. muyike mu stoo muja muli mainjini, mukhome. tcheni chokha ayi

15:12 Alamu: ndamva bwana

LACHITATU

09:02 Alamu: alamu, apongozi adzuka? ndikufuna ndidzawaone. koma mundiperekeze polowa

09:03 Ine: pakhomo mumalowa daily kudzapempha shuga lero mukufuna wokuperekezani?

09:03 Alamu: lero nkhope yalemera

09:55 Ine: 🎤 1:07
Sisi mwaphonya. Alamu abwera atavala shati ya kutchalitchi, agwada pakhonde, chipewa m'manja. Ayamba, apongozi ndalakwa, galu uja akangodutsa masiku akewa ndimuchotsa. Adadi angowayang'ana, n'kunena kuti, galu walakwa chiyani? Galu munamugula muli inu, osamuyendetsa, osamubayitsa, tsiku lonse ali yekha ndi zitsulo, mumati aphunzira ulemu kwa ndani? Akuti, wofunika kumanga ndi tcheni ndi mwini wake. Alamu angoti inde, inde apongozi. Kenako adadi akuti dzukani, mukundidetsera thalauza la ukwati wa mwana wanga.

09:57 Sisi: kkkkkk ndaseka mu hall anthu onse anditembenukira

09:58 Alamu: alamu munajambula ndi mtima wonse eti

09:58 Ine: ndinasiya makina dala

10:01 Alamu: ndagula mawaya ndi mapaipi. khola ndiwotcherera ndekha, mpanda ndimanga wa njerwa pomwe panali lata. za kwa vet za Batani ndi zanga, ndauza kale a vet

10:02 Sisi: weekend?

10:02 Alamu: lero dear. garage ndatseka

14:46 Ine: 📷 chithunzi

14:46 Ine: adadi atulutsa mpando, akhala kapitawo. dzanja lili m'bandeji koma lolozera likugwira ntchito. mzere woyamba awagwetsetsa kuti wapindika

14:48 Sisi: Batani?

14:48 Ine: wadya! ndinamuphwanyira nsomba, wamaliza yonse. panopa ali pamiyendo pa adadi ndi ndowa yake, akuyang'anira nawo

14:49 Sisi: ndiye ndigona lero

LACHISANU

08:20 Alamu: tili pa mzere wa jakisoni wachiwiri ndi apongozi. akuti ndisawagwire mkono sindine nurse

08:21 Ine: mukatuluka muwagulire nthochi, sanadye bwino mmawa

08:44 Alamu: tabayitsa. auza nurse kuti uyu ndi mkamwini wanga, ndi amene ali ndi galu. mzere wonse wandiyang'ana 😭

08:45 Sisi: mwakolola

08:47 Alamu: dear basi ikufika nthawi yanji? ndidzakuchingamireni

08:59 Alamu: dear

09:30 Sisi: 4. koma ndikayamba kwa adadi. ndikaone dzanja, ndikaone mphaka, ndikaone mpanda. zikandikhutiritsa muona ndikulowa

09:30 Alamu: mpanda mukaukonda. apongozi anauyeza ndi diso

17:12 Ine: alamu bwerani mudzanyamule chikwama cha akazi anu. akuti pulasitala ndi wonyansa koma njerwa zili bwino

17:12 Alamu: ndikudumpha mpanda

17:13 Ine: muzungulire ku gate ngati munthu

LACHINAYI LINALO

11:05 Ine: a vet abwera, amuona Sajeni. masiku akwana, ali bwinobwino, akudya ngati wobwereka mimba. analibe chiwewe 🙏🙏

11:05 Sisi: aleluya. ndili mu staff room ndikumwetulira ndekha ngati wamisala

11:06 Ine: amubaya katemera pompo, pepala ndasunga ine osati alamu. Batani amuchotsa ulusi ndi ndowa ija. wayamba ndi kukwera pa makina kundigwetsera mapini

11:07 Sisi: adadi ati bwnj?

11:08 Ine: angoti ndimadziwa, galu wachiwewe sakhala ndi nkhope yopusa choncho. koma ndawaona akupukuta m'maso polowa kuchipinda

11:10 Alamu: a vet akutinso ndizimuyendetsa mmawa ndi madzulo, pa chingwe, ndi chotseka kukamwa. ndagula zonse

11:10 Sisi: tiona

16:38 Ine: sisi muli pati? fulumirani

16:38 Sisi: ndili mu minibus. chachitika nchiyani, usandiopseze

16:39 Ine: ayi zabwino. alamu atuluka ndi Sajeni koyamba

16:40 Ine: 🎤 0:29
Tamverani. Uyo akukuwayo ndi alamu, akuti Sajeni ima, ima mwana wanga. Galu ndi amene akuyendetsa munthu, sisi. Adutsa pa gate pathu ngati ngolo yopanda mabuleki, silipasi imodzi yatsala mumsewu. Ndipo enawo mukuwamvawo ndi adadi. Agwira chipupa, misozi ili mbwee, akulephera ndi kupuma komwe.

16:42 Sisi: adadi akuseka choncho?

16:42 Ine: chimwalirireni amayi sindinamvepo

16:43 Alamu: alamu tandithandizeni wandizunguliza pa pole ya magetsi

16:43 Ine: ndipite sisi?

16:44 Sisi: usapite. asiye adadi amalize kuseka