Nsapato za Kamphepo Zapezeka

Iwe mwana wa achimwene,

Ukalowa usakuwe kuti kwabwera akuba. Wasakaza m'nyumba muno ndine, azakhali ako. Foni yako siikupezeka, n'chifukwa chake ndalemba.

Mkazi wako waimba ali kuchipatala. Akuti mwana wanu Kamphepo waimirira yekha m'mawa uno, atagwira bedi! Paja chithereni chimfine chija miyendo inangoti lobodo, adokotala n'kumati kachilombo kake kanasokoneza mitsempha ya mu ubongo. Ine sukulu ndinangoisuzumira pawindo, koma zoti waimirira ndazimva bwinobwino.

Tsono amayi ophunzitsa odwala kuyenda aja akuti tibweretse nsapato zake, pansi pamaterera. Ndakhuthula madengu, ndatembenuza matiresi, mphaka yemwe ndamufunsa, osazipeza. Kenaka ndathyola loko wa sutikesi yako ndi mpeni wa buledi. Zinali momwemo, utazikulunga m'malaya ako a ukwati. Ife tinkati ndiwe wouma mtima poti sunalireko n'tsiku limodzi lomwe, kani misozi unaitsekera m'sutikesi? Usadandaule, sindiuza munthu, kupatula amene ndikhale naye mpando umodzi m'basi.

Pepa za lokoyo. Mpeninso wapindika.

Usayambe kukonza m'nyumba. Samba, uchotse girizi wa kugalajayo, unditsatire kuchipatala msanga. Nsapatozo ndatsogola nazo ine. Mwana wanenetsa kuti sasuntha phazi mpaka adadi ake aime kutsogolo atatambasula manja. Ukachedwa ndivala chipewa chako n'kukaima ine.

Utengenso mpango, lero ulira pagulu.

Azakhali ako