Ola la Madzi ku Dimba la a Esitere

Okondedwa achimwene a Timoteyo,

Moni kuchokera kuno ku Blantyre. Kodi muli bwanji ndi chisanu cha ku Mphunzi? Nanga msana uja unaleka? Ine ng'ala ija anandichotsa, tsopano ndikuona ndi nyerere yomwe. Akulemba kalatayi ndi mwana wanga Sophie, ine ndikungolankhula, ndipo wandichenjeza kale kuti pepala limatha.

Paja Sophie amayang'anira makompyuta otumiza zotsatira za magazi ku zipatala zing'onozing'ono. Sabata yatha anabwera nkhope ili gwa, akuti chipatala china cha kuseri kwa mapiri chikulandira zotsatira mochedwa. Mukundidziwa ine, ndinamufunsa mpaka anatopa.

Akuti makinawo akatumiza uthenga amadikira yankho loti wafika, likachedwa amatumizanso. Nthawi yodikirayo inalembedwa mumtima mwa makinawo, mmene a makompyuta amati kenelo, ndipo ndi imodzi pa njira zonse zodutsamo uthenga. Tsono njira ya kumapiri imayankha mochedwa, makina n'kumangobwereza mawu omwewo mpaka njira kudzaza. Ndinati si aonjezere nthawiyo basi? Anati anayesa Lachiwiri, zipatala za m'tauni n'kuyamba kudandaula, poti uthenga wawo ukasochera makina amangokhala phee kudikira. Ndinafunsa ngati chinthucho sichitha kusiyanitsa njira. Anaseka, nati pali penanso polemba lamulo la njira imodzi yokha, ndipo pa njira imeneyo limaposa lamulo la onse, zinazo n'kutsala mmene zinalili. Anachita zomwezo, Lachinayi zotsatira zinafika bwinobwino.

Achimwene, ndinakumbuka ngalande yathu ya kudimba. Si ndine ndinalamula kuti dimba lililonse lizithiriridwa ola limodzi? Koma dimba la mlongo wathu a Esitere lili kumapeto. Madzi amayenda, nthaka ikumwa, pofika kwa iwo theka la ola latha kale. Anandiuza kawiri konse, ine n'kuwayankha kuti lamulo ndi limodzi, sindikondera munthu. Tsiku lonyamuka ine sanabwere n'kudzanditsanzika komwe, ndipo kachewere wawo ndinamusiya akufota.

Pempho langa ndi limodzi. Ola lija likhale momwemo kwa aliyense, musalisinthe, mungayambanitse anthu. Koma la a Esitere muziyamba kuliwerenga madzi akakhudza mzere wawo woyamba, osati potsekula kumtunda. Muyambe sabata ino, kachewereyo asanachite maluwa. Wina akadandaula, aponye tsamba m'ngalande, alitsatire wapansi mpaka kumapeto, aone yekha.

Mupereke moni kwa alamu, kwa adzukulu onse, ndi kwa a Damiano a ku Mayani. Kwa a Esitere mupite nokha, musatume munthu. Mukawauze kuti sankanama.

Ndine mkulu wanu,
Gervazio