Malata Atatu Obwereka

Achisuweni a Chrispine,

Amene akukuuzani kuti ndinakhululuka akukunamizani. Kuno ku Kasinje tili bwino, monga linanenera pepala lanu.

Mutabwera ndi kafukufuku woyeza umoyo wa mabanja, munaona malata atatu obwereka amene tinatsekera podontha mayi akudwala, n'kulemba kuti pathu m'potukuka. Dzina lawo linachotsedwa pa olandira chimanga. Tinawaika m'manda mu Febuluwale, ndipo eni malata anadzatenga malata awo.

Yunivesite sindinamalize, koma mafunso aja ndimawadziwa kuposa inu, moti bungwe lomwe linakutumani lija landilemba ntchito. Mundiperekere moni kwa amayi anu ku Biriwiri. Ndamva kuti chimanga akulandirabe, komanso kuti munawagulira wailesi ndi njinga.

Ndine msuweni wanu,
Esnath

Lolemba ndikuyamba kulemba mabanja a ku Biriwiri.