Chitenje cha nkhanga zoyera

Lolemba, 5 Ogasiti
Lilongwe. Ndafika masana, msana ukuwawa ndi minibasi. Ndikugona kwa Rukia, mnzanga wa pa Mtakataka amene amagulitsa nsapato za kaunjika kuno. Chondibweretsa n'chimodzi: yunifolomu ya ukwati wa Edna, mwana wa malemu achemwali anga a Katerina. Ukwati pa 31, ku tchalitchi cha Mua. Edna akufuna chitenje chimene amayi ake ankachikonda, chobiriwira, cha nkhanga zoyera. Kachidutswa kake, kamene anandipatsa Edna, kali m'chikwama. Azimayi a kuchikazi tilipo 24. A Bernadeta, mkazi wachiwiri wa alamu a Laisoni, sindinawawerengere. Analowa m'nyumba ya achemwali chaka chisanathe chimwalirireni, ndiye avalenso chitenje chawo? Edna anapempha, ndinakana. Kwatsala n'kuchipeza. Zaka khumi ndi zisanu ndili pa mashini osokera, sichingandisowe ine.

Lachiwiri, 6 Ogasiti
Bwalo la Njobvu lonse, shopu ndi shopu. Mapazi atupa. Aliyense kungoti, "Zakale izi mayi, tengani zatsopano." Wawafunsa ndani? Nkhomaliro tchipisi cha pa chiwaya ndi kabichi, choimirira. Mafuta okhaokha, koma ndinanyambita zala. Madiresi a m'tauni manja otukumuka, kusoka kwa ulesi. Ndinatembenuza limodzi kuti ndione mkati, ulusi uli lendelende. Mtengo wake wogulira mbuzi.

Lachitatu, 7 Ogasiti
Ndachipeza! Kwa mayi wina kuseri kwa msika, pansi penipeni pa mulu. Koma zitenje zitatu zokha, akuti anasiya kalekale kupanga. Zitatu, anthu 24. Ndagulabe. Panja ndinachifungatira ngati mwana, misozi mbwembwembwe, anthu akundilambalala. Achemwali, ndakusowani.

Lachinayi, 8 Ogasiti
Rukia wanditengera ku lesitilanti ya anthu a ndalama, akuti ndisiye kukwinya nkhope. Nkhuku yootcha, mpunga, masamba osaphika ngati tikudyetsa mbira. Chambo chawo sindinachiyang'ane n'komwe, kwathu timachiona chikuphiriphitha. Koma atsikana operekera chakudya! Diresi la nsalu wamba, chitenje pakhosi ndi m'manja basi. Kukongola kwake. Ndinaitana mmodzi n'kumuyeza kolala ndi zala, Rukia atabisa nkhope ndi manyazi. Mutu wagwira. Chitenje chimodzi chikwanira anthu asanu ndi atatu, osatsala kanthu. Ndagula mpukutu wa nsalu yobiriwira yopanda maluwa. Mawa ulendo wa kwathu.

Loweruka, 17 Ogasiti
Pakhonde, mashini kuyambira m'mawa. Azimayi anayamba kung'ung'udza kuti tikavala zigamba pa ukwati ngati amphawi. Ndinaveka mwana wanga Idah diresi loyamba n'kumutuma tomato kumsika. Wabwera ndi anthu atatu ofuna lawo. Ong'ung'udza aja onse zii.

Lachitatu, 28 Ogasiti
Madiresi 23 atha, apita kwa eni ake. Latsala langa. Kolala yomaliza ili pathebulo, nkhanga ziwiri zikuyang'anizana. Ndinadzisungira dala malo okongolawo. Maso akuwawa, mtima uli mbee.

Lachinayi, 29 Ogasiti
A Bernadeta abwera m'mawa. Diresi lawo lakale m'jumbo, akuti ndingowapindira m'munsi, akakhala kumbuyo m'tchalitchi. Za yunifolomu sanatchule. Ndinalandira osawayang'ana. Kenako anaona kolala ija pathebulo, anaigwira ndi chala chimodzi. Akuti chitenje cha achemwali chija anachipeza m'nyumbamo, Edna ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, osagona popanda kuchifunda. "Ndinkachichapa m'mawa kuti chiume dzuwa lisanalowe. Zaka zinayi, mpaka chinatha." Kachidutswa ndinapita nako ku Lilongwe kaja, anasunga ndi iwo.

Ine sindinkadziwa. Nthawi imeneyo ndinali nditakwiya, kunyumbako osapondako.

Manyazi andigwira, sindinama. Kupepesa sindimatha. Ndangoti imirirani mayi, kwezani manja. Chifuwa 40, chiuno 36. Nsalu yobiriwira ikwana. Loweruka kumbuyoko ndikakhala ndine.