Batani la pa mafomu a ku Makhanga

Amayi a Mwayi,

Musandidikire pa chakudya, ndathamangira ku Makhanga pa bwato la a Mailosi. Pepani, ambulera yanu ndatenga.

Mafomu a mbewu ya mbatata aja, amene ndinapulinta osakudikirani, atuluka ndi kabatani ka pakompyuta kaja pansi pake, kolembedwa kuti "Dinani apa kuti mutumize." A Gideon, apampando a gulu lathu la alimi, aimba mmawa uno kuti palibe fomu yomwe yabwerera. Anthu analemba bwinobwino, nkudina pepalalo ndi chala, nkulipinda kupita nalo kunyumba. Akuti zatumizidwa kale. Mafomuwo akapanda kufika kuofesi mawa, mudzi wonse ukhala wopanda mbewu, ndiye ndikukawatolera khomo ndi khomo.

Chonde tsegulani fomuyo pa laputopu, muzimitse kabataniko kuti kazioneka pakompyuta pokha, monga munandionetsera tsiku lija ndikumvera mpira pawailesi. Muyang'ane kaye mmene pepala litulukire musanapulinte. Alimi a ku Ndamera abwera masana kudzatenga mafomu awo, musawapatse a mu envelopu ya pa tebulo, onsewo ali ndi batani.

Bambo anu nawo aimba. Ndinayesa kuwafotokozera kuti pepala silitumiza kanthu, koma anandidula.

"Mkamwini, musandiphunzitse. Ine ndadina mpaka pepala labooka. Langa ndiye lafika loyamba."

Amenewo mukambe nawo ndinu. Ine ndikangowapempha fomuyo mwaulemu, ndi chibowo chake chomwe.

Zikomo, takhuta,
Bambo a Mwayi