Khadi lomwe unaligoneka mu laputopu ya Bambo

Mlongo wanga,

Tandiyankha kaye ichi: ndi munthu wanji amene amaboola khomo lachiwiri m'nyumba ya eni, n'kuchoka ndi kiyi m'thumba?

Moni ndikupatsa, usaope. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinatha? Kuno tilipo, Amayi ali bwino, ana akungotha nsapato. Amene sali bwino ndi Bambo, koma si m'thupi.

Ukudziwa kuti chisiyireni kuwotcherera, chimene chimawadzutsa m'mawa ndi kujambula mapulani a mageti pa laputopu ija unawasiyira, amisiri omwe anawaphunzitsa n'kumadzatenga. Maso awo saonanso tizilembo, n'chifukwa chake timalumikiza sikirini yaikulu pa tebulo la pabalaza.

Sabata yatha poyatsa, pamene laputopu imafunsa kuti ulowe Windows kapena Linux unaikamo iwe ija, chala chawo chinaphonya. Analowa mbali yako. Anangoona malemba oyera akuthamanga mumdima, anachita mantha n'kuzimitsa. Kuchokera tsiku limenelo sikirini yaikulu ili bii.

Ndinayamba kukayikira chingwe, ndinabwereka china kwa aneba, osatheka. Ndinalumikiza sikiriniyo ku laputopu ya alamu ako, inayaka bwinobwino. Nditayang'ana mu Windows pamene pamaoneka zida zonse za mkati, khadi lalikulu la zithunzi, chipangizo chotumiza zithunzi ku sikirini, panalibe, ngati silinakhalemo n'komwe. Ndinatsitsa madiraiva, mapulogalamu oyendetsa khadilo, iwo akuti sakupeza khadi loti aliyendetse. Mtima unandipsa, ndinamasula chivundikiro. Kasikuluwu kamodzi ndakapotoza, usandifunse. Mkatimo mulibe chopserera, fumbi lokha.

Sukulu ya makompyuta sindinapiteko, aphunzitsi anga ndi mavidiyo a pafoni nthawi yopuma kuntchito. Kumeneko ndinamva kuti pa malaputopu ena polowetsa chingwe cha sikirini pamadzera pa khadi lalikululo. Likagona, sikirini nayo yagona. Ndinamvanso kuti anthu ena amaikonza Linux kuti ikangoyaka izigoneka khadi posunga batire, ndipo silidzuka ngakhale ubwerere ku Windows, mpaka ukalidzutsire komwe linagonerako. Apa m'pamene ndinakumbukira iwe ukudzitama kuti mbali yako batire imakhala tsiku lonse. Ndinapita ku mbali yakoyo, ikufuna pasiwedi. Ndayesa dzina lako, la chibwenzi chako chakale, ngakhale la galu uja anafa. Yakana.

Sindikunena kuti unachita dala. Uli kuno unkadzutsa khadilo wekha usanawabwezere makina, ndiye palibe ankadziwa. Koma unatchera msampha panjira ya munthu wosaona bwino.

Tsopano imva chimene chandilembetsa. Bambo sanadandaule. Anatenga nsalu ya pa tebulo n'kuphimba sikirini ngati mmene ankaphimbira makina owotcherera akaweruka. Dzana kunabwera mmisiri wawo wamtali uja kudzafuna pulani ya geti la sukulu ya mkaka. Anamulandira bwino, anamufunsa za ana, kenako anamuuza kuti akafunse kwina. Iye atapita anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ndaononga chinthu cha mwana. Munthu ukakula uzidziwa polekera."

Ndinawafotokozera zonsezi. Anandimwetulira momwe amamwetulira Amayi akamawanamiza kuti mankhwala si owawa. Kwa iwo ine ndine wa mtima wapachala amene akungowatonthoza. Kompyuta ndi yako, ndipo mlandu angawachotsere ndi mwini wake. Zimenezi zinandiwawa, koma ndaganiza, n'zoona. Ngakhale mawa sikirini itayaka, adzaopa kuikhudza, poti mumtima mwawo anaiphapo kale kamodzi. Masiku ano amakhala pakhonde manja ali pamaondo, kuwerenga magalimoto odutsa.

Undiperekere moni kwa akazi ako, uwauze kuti juzi ija inawakwana Amayi. Mulungu akusunge ndi kukupatsa mphamvu pa ntchito yako.

Pasiwedi unditumizire, ndi mawu oti ndilembe kuti khadilo lidzuke ndipo lisadzagonenso. Koma usayambire kwa ine. Uwaimbire Bambo lero, osati uthenga wolemba, amve mawu ako. Usawauze kuti palibe vuto, sadzakhulupirira. Uwauze kuti unagoneka khadi ndiwe, unaiwala kutiuza ndiwe, ndiponso kuti geti la sukulu lija likuwadikira.

Ndine mlongo wako wamkulu, amene ndinakubereka kumsana.