Ndinasinja Mapiritsi a Bonifasi

Amayi, kaya mukupuma bwanji kumene munapitako?

Ndine Velonika, mwana wanu wachiwiri. Tsopano ndakalamba kuposa mmene inu munalili tsiku limene tinakuikani. Cholembera sichinandizolowere chiyambire, choncho ine ndikulankhula pang'onopang'ono ndipo ba Tembo, mnzanga amene kale anali mphunzitsi, ndi amene akulemba. Ndawauza kuti asakometse mawu anga.

Kuno ku Chinyunyu tilipo. Rufunsa tsopano ndi boma palokha, sitilinso pansi pa Chongwe, ndipo kwabwera anthu a ntchito ochokera ku Lusaka amene amagula tomato osanenerera. Chimanga chinachita bwino kumunda wakumtunda, koma cha kudambo anyani anagawana nafe. Mdzukulu wanu Rozi anabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu, ukali womwe.

Koma chimene chandikhazika pansi ndi Bonifasi, mwana wanga woyamba, uja munkamubereka kumsana popita kukachapa kumadzi otentha. Munamusiya atangoyamba kulawa mowa. Mutapita inu, unamulowa m'mafupa. Ntchito yomata matayala pamsewu waukulu inatha, njinga anagulitsa, mkazi woyamba anachoka. Zaka zonsezo womutola m'ngalande ndinali ine. Womuchapira mabuluku onunkha ndinali ine. Ndinapita naye kwa asing'anga ku Shikabeta, ndinapitanso naye kwa abusa a pamsewu amene anamupempherera mpaka mawu kusasa. Palibe amene anandiombera m'manja.

Kenaka anakwatira Agnesi, mayi wogulitsa vitumbuwa poimira maminibasi. Chaka chatha mkaziyu anamukweza ulendo wa ku Lusaka osandiuza n'komwe, ndipo anabwerako ndi kabotolo ka mapiritsi oyera. Akuti adokotala anayamba afunsa Bonifasi ngati akufuna yekha, iye n'kuvomera. Mankhwalawo sachotsa chilakolako cha mowa ayi. Amangochititsa kuti munthu akaulawa nkhope itenthe, mtima ugunde ngati ng'oma, asanze mpaka kulapa. M'mawa uliwonse Agnesi ankakhala naye pakhonde, kumupatsa piritsi limodzi ndi madzi, n'kudikira kuti ameze. Akatero ankakhalabe pomwepo, kucheza ndi kuseka. Ine ndinkawaona ndili pakhomo panga, ndikusesa malo amodzimodzi.

Miyezi isanu inatha osalawa. Amayi, mwanayo ananenepa. Anafolera nyumba, anakonzanso nkhokwe yanga. Kutchalitchi azimayi ankagwira Agnesi chanza ndi manja awiri, ine n'kundilambalala ngati chitsa. Mlamu wanga anachita kunena pamaso panga kuti Bonifasi wabadwa kachiwiri, ndipo ulendo uno wamubereka ndi Agnesi. Ndinaseka nawo mwachiphamaso. Paja munkati wotunga madzi saoneka, amene amathokozedwa ndi wopereka chikho.

Itafika nthawi yokolola, Bonifasi anawakana mapiritsi. Anati wachira, ndipo watopa kumwetsedwa ngati nkhuku ya chitopa. Agnesi anamuchonderera masiku angapo, atalephera anangoika botolo lija pamwamba pa kabati. Ndinamufunsa kuti bwanji osangomuthirira m'ndiwo. Anandiyankha mwaulemu, atagwada, kuti adokotala analetsa, chifukwa mankhwala amenewa munthu amamwa akudziwa. Mumtima ndinati mwana wa dzuloyu wafika pothera nzeru zake, kwatsala kwa ife eni mwana. Ndinakumbukira inu mukusinja mizu ija n'kuthira m'ndiwo za atate kuti asiye mowa, kenaka n'kunditsinzinira diso kuti mwamuna sachizidwa akuona.

Ndinatapa mapiritsi Agnesi ali kumsika. Ndinkaphwanya limodzi ndi supuni, kuthira m'phala la nsinjiro limene Bonifasi amalikonda kuyambira ali mwana, n'kumuitana asanapite kumunda. Masiku atatu anadya kwa ine. Sindikubisirani, ndinakondwa kumuona atakhala pampando wanga, akunyambita supuni, khonde lija lili lokha.

Tsiku lachinayi anapita kukathandiza kukolola kwa anansi athu, ndipo eni munda anali atakonzera anthu mowa. Dzuwa lili paliwombo anabwera naye pangolo. Maso anali piriwiri, thukuta lili kamukamu, akupuma ngati mbuzi yokoledwa ndi chingwe pakhosi. Ankangoti mtima ukufuna kutuluka. Anthu anali atayamba kale kunong'onezana za poizoni, akuyang'ana mkazi amene anaphika mowawo. Tinaimitsa minibasi kuthamangira kuchipatala ku Mpanshya, mutu wake uli pamiyendo ya Agnesi, ine nditagwira mapazi.

Asista a kuchipatala atamva za mapiritsi anafunsa kuti anamwa liti komaliza. Agnesi anati papita milungu itatu. Iwo anapukusa mutu, anati thupi likuonetsa za posachedwa. Apo Agnesi anatembenuka n'kundiyang'ana, kamodzi kokha, kenaka anawauza kuti amuthandize ngati munthu amene wamwa m'mawa womwewo. Anamuika madzi m'mitsempha ndipo anatsitsimuka. Asistawo anatikalipira tonse awiri. Anati kupatsa munthu mankhwala amenewa mobisa kuli ngati kumukumbira mbuna panjira imene amayenda tsiku ndi tsiku, ndipo ena satulukamo.

Bonifasi atamva kuti m'thupi mwake munali mankhwala, sanaganize za ine ngakhale pang'ono. Analoza mkazi wake. Anamunena kuti ndi wachiwembu, kuti wakhala akumudyetsa zinthu kuyambira kale. Agnesi anangoweramitsa mutu. Ine sindinadziulule, Amayi.

Titabwerera kumudzi ndinamupeza Agnesi kuseri kwa nkhokwe akupeta chimanga, ndipo ndinamufunsa chifukwa chake sanandiulule.

Anati, “Amayi, ine akadana nane angathe kupeza mkazi wina. Nanga akadana ndi inu, adzalowera kuti?”

Ndinalakalaka akanangonditukwana. Mwana wanga anandilanda, ulemu wa kutchalitchi anandilanda, tsopano ngakhale mtima wabwino akundiposa, ine amene ndinamva ululu wa kubereka. Ndinatembenuka n'kubwerera kunyumba kwanga.

Lero ndi mlungu wachiwiri. Chimene ndinkafuna chija ndachipeza. Bonifasi salandira kanthu kuchokera m'dzanja la mkazi wake, ngakhale madzi akumwa. Amadya kwa ine m'mawa ndi masana, n'kumati chakudya cha mayi ake chokha ndicho angachikhulupirire. Akanena zimenezo chakudya changa chimandiwawa m'kamwa. Ndipo dzulo atawerama kuti asambe m'manja, ndinamva kafungo kaja ka mowa. Kanali kochepa, koma mphuno yanga imakadziwa kuposa fungo la mvula.

Mukandifunsa ngati mapiritsiwa amachizadi mowa, sindidziwa choyankha. M'dzanja la Agnesi anagwira ntchito miyezi isanu, m'phala langa anatsala pang'ono kupha munthu, koma piritsi ndi lomwelo. Mwina chimene chinkamugwira n'chakuti ankatsegula pakamwa yekha, pamaso pa munthu amene safuna kumuchititsa manyazi. Ndipo mundikhululukire ponena izi, koma atate anamwalira akumwabe, ndi mizu yanu yonse ija. Ndinali nditaiwala dala.

Agnesi sindinamukondebe, ndisakunamizeni. Akamadutsa ndi beseni lake pamutu, pachifuwa panga pamatentha. Koma Bonifasi ndimamufuna wamoyo, ngakhale akhale wamoyo pakhonde la mkazi wina.

Mawa akabwera kudzadya, ndidzamuika mbale patsogolo, ndipo asanagwire supuni ndidzamuuza chimene ndinathira m'phala lake masiku atatu aja. Akadzakankha mbaleyo n'kutuluka, ndidzamusiya apite, chifukwa nyumba yoyandikana ndi yanga ndi ya mkazi wake. Ndalonjeza pamaso panu, ndipo inu mukudziwa kuti sindinakunamizenipo kawiri pa nkhani imodzi. Mundilimbitse mtima.

Mupereke moni kwa atate. Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Velonika